Kupakira katundu ndi ntchito ya dalaivala

 

Mwandipempha kuti ndilankhule za kapakiridwe ka katundu m'magalimoto ogawa maphukusi. Ndikudziwa kuti ena mwanena kale chamumtima kuti imeneyo ndi nkhani ya aganyu, dalaivala yake ndi chiwongolero. Ndi mmenedi ambiri timachitira: tikaimika lole pa depoti timagonetsa mpando, chipewa kumaso, n'kuuza anyamata kuti akamaliza atigogodere. Khalidwe limeneli ndi limene ndabwera kudzalitsutsa. Wapolisi akaimitsa galimoto yopendekeka safunsa kuti anapakira ndani. Wa pa sikelo ku Balaka safunsanso. Mayi amene TV yake yafika galasi litang'aluka alibe nawo ntchito aganyu a ku Limbe amene sanawaonepo. Onsewa amagwira amene ali ndi makiyi m'manja. Ndiye ngati mlandu uli wanu, maso akhalenso anu. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Tiyambe ndi chimene aliyense amachidziwa pakamwa koma ochepa amachichita: cholowa poyamba chimatuluka pomaliza. Lole yotseka nthawi zambiri imakhala ndi khomo limodzi, kumbuyo. Choncho musanakhudze katoni ngakhale imodzi, tengani mapepala a katundu, khalani pansi, muuyende ulendo wonse m'mutu. Tinene kuti mukunyamuka ku Limbe kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, ndipo mutsitsa ku Lunzu, ku Phalula, pa Chingeni, ku Ntcheu, ku Lizulu, ku Dedza, ku Nathenje, kenako mumzinda. Kupakira kumayambira kumapeto kwa mndandandawo. Wa ku Lilongwe alowe mkati mwenimweni, wa ku Nathenje atsatire, choncho mpaka wa ku Lunzu akhale wotsekera chitseko. Ndipo asanakwere, katundu yense ayambe waunjikidwa pansi, malo alionse mulu wake, muwerenge, mufananize ndi mapepala. Mabwana ena akaona katundu ali pansi amapsa mtima, amati nthawi ikutha. Koma katoni ya ku Lunzu ikakwiririka pansi pa katundu wa ku Dedza, mwatsala ndi njira ziwiri zokha: kutsitsa theka la lole m'mbali mwa msewu anthu akuonerera, kapena kupita nayo ku Lilongwe n'kudzabwera nayo mawa, mwini wake akukuimbirani foni usiku wonse.

Inu ogawa maphukusi mumzinda, werengani nokha. Muli ndi malo 60 oti mufike. Mukamataya mphindi ziwiri zokha pamalo alionse kufukula phukusi, pofika madzulo mwataya maola awiri athunthu. Maola amenewo simuwataya chabe, mumakafuna kuwabweza pamsewu ndi phazi. Kuthamanga kwambiri kumene timadzudzulidwa nako kumayambira pa depoti, injini isanalire.

Kampani ya UPS ya ku America, imene inayamba mu 1907 mumzinda wa Seattle ndi anyamata otumidwa oyenda pansi ndi panjinga, inaliona vutoli kalekale. M'magalimoto awo muli mashelefu ogawidwa m'zigawo za manambala, kuyambira 1000 mpaka 8000, ndipo phukusi lililonse limamatidwa kapepala konena pamene liyenera kukhala. Opakira amagwira ntchito m'bandakucha, dalaivala akafika pakhomo pa munthu dzanja limadziwa kale kokatenga. Makompyuta awo ife tilibe, koma choko chilipo. Lembani manambala pakhoma la bodi, 1 pafupi ndi chitseko n'kumalowera mkati, ndipo phukusi lililonse lilembedwe nambala ya chigawo chake ndi cholembera chachikulu. Mbali yolembedwayo iyang'ane kuchitseko. Dzina loyang'ana pansi kapena kukhoma ndi chimodzimodzi kusalemba. Kampani yomweyo imadziwikanso ndi kukonza maulendo ake kuti magalimoto asamakhotere kumanzere kawirikawiri, popeza kwawoko amayenda kumanja kwa msewu ndipo kukhotera kumanzere ndi kudula magalimoto obwera. Kwathu kuno n'zotembenuza. Amene anayesapo kutuluka m'kamsewu ka ku Biwi n'kukhotera kumanja kulowa mu M1 nthawi yoweruka akudziwa mafuta amene amathera pamenepo. Konzani ulendo wozungulira chakumanzere ngati n'kotheka, ndipo katundu asanjidwe motsatira ulendo umenewo.

Chenjezo kwa amene mwangoyamba kumene kugawa mu Lilongwe: musasanje katundu potsata manambala a ma Area. Manambala aja sanaperekedwe potsata kuyandikana. Area 23 ndi Area 24 ali chakummwera, pamene Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Area 3 yayandikana ndi Area 9. Kalaliki wa mu ofesi amene amasanja mapepala 23, 24, 25 amaoneka waudongo, koma akuyendetsani mzinda wonse kawiri. Mapu a mzinda ali m'mutu mwa dalaivala, n'chifukwa chake dalaivalayo ayenera kukhalapo posanja.

Palinso nkhani ya ma adiresi. Bungwe la MACRA, lomwe limapereka ziphaso kwa makampani onyamula makalata ndi maphukusi, lakhala likuyendetsa ntchito yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala. Ndi ntchito yabwino, koma ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chinsapo, adiresi yeniyeni ikadali nambala ya foni ndi mawu akuti mukapitirira chigayo mufunse. Imbani musanapakire. Munthu akakuuzani m'mawa kuti ali kumaliro ku Thyolo abwera mkuja, phukusi lake lisakwere n'komwe, kusiyana n'kuti lizikutsekerani njira tsiku lonse.

Zimenezi ndi zosavuta. Pamene pagona nkhani ndi pa kulemera.

Lole imadzaza mitundu iwiri. Ina imadzaza malo isanalemere, monga mukanyamula matiresi ndi mabeseni apulasitiki. Ina imalemera malo akadalipo, monga mukanyamula simenti. N'chifukwa chake makampani akuluakulu onyamula maphukusi salipiritsa pongoyang'ana sikelo: amayeza katoni m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mu masentimita, amachulukitsa, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 50, 40 ndi 30 imawerengedwa makilogalamu 12 ngakhale mutakhala thonje lokhalokha. Vuto lathu ambirife ndi lakuti timayeza lole ndi maso. Tikaona mpata pamwamba timati ikadali ndi malo. Mpata si chilolezo.

Mayi wochokera kunkhuni saika nkhata pakati pa kutalika kwa mtolo. Amausuntha mtolowo mpaka atapeza pamene kulemera kwa kutsogolo kwafanana ndi kwa kumbuyo, chifukwa mbali ya zitsinde imalemera kuposa ya nsonga. Lole nayonso ili ndi pamene imasenzera bwino, ndipo kwa malole athu ambiri malowo ali pakati pa bodi, patsogolo pang'ono pa matayala akumbuyo. Tamverani chimene chimachitika mukaphonya. Tinene kuti kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo pali mamita 4, ndipo bodi imapitirirabe kumbuyo. Mukaika tani imodzi mita imodzi kuseri kwa matayala akumbuyo, matayalawo sasenza tani imodzi ayi, amasenza makilogalamu 1,250. Makilogalamu 250 owonjezerawo achokera kuti? Achotsedwa pa matayala akutsogolo, omwe mumawongolera nawo. Chiwongolero chimapepuka, dalaivala wosadziwa amakondwa kuti galimoto ikumvera lero, osadziwa kuti matayala angotsala pang'ono kusiya phula. Usiku magetsi amaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu obwera. Mukaunjika zolemera zonse kutsogolo, chiwongolero chimauma, matayala akutsogolo amatentha, ndipo akumbuyo amakhala opepuka moti mvula ikagwa mukaponda buleki, kumbuyo kumafuna kupitirira kutsogolo.

Kutalika kwa katundu nakonso kumapha. Zolemera zikhale pansi, zopepuka pamwamba. Aliyense amavomera, komabe timaona migolo ya mafuta ophikira itakwezedwa pamwamba pa mabelo a kaunjika chifukwa inafika mochedwa ndipo anyamata anachita ulesi kutsitsanso. Pamsewu wowongoka simumva kanthu. Mudzazimva potsika Chiweta, potsika Thabwa kupita ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti, kumene kona imatha ina itayamba kale. Lole yolemera pamwamba imagubuduka pa liwiro limene lole yomweyo, ndi katundu yemweyo atasanjidwa bwino, ikanadutsa popanda vuto. Musaiwale za mbali. Misewu imamangidwa yotsetsereka pang'ono kuchokera pakati kuti madzi azitsika, ndipo m'mphepete mwa misewu yathu yambiri phula linadyeka. Mukalemeretsa kumanzere, tsiku limene mudzapatukire basi yobwera n'kugwetsera tayala kunja kwa phula, lole sidzabwereranso. Mukamaliza kupakira, pitani kumbuyo, imani chapatali, muyang'ane. Ngati yapendekeka pa depoti, siwongoka panjira.

Boma nalo lili ndi chifukwa chake choyezera. Sikelo siyeza lole yonse yokha, imayezanso mzere uliwonse wa matayala, umene amakaniko amati axle. Malire amene mayiko a m'chigawo chathu chino anagwirizana ndi matani 8 pa axle yakutsogolo, matani 10 pa axle imodzi ya matayala anayi, matani 18 pa ziwiri zoyandikana, matani 24 pa zitatu, ndipo galimoto yonse ndi ngolo yake isapitirire matani 56. Mukhoza kukhala kuti kulemera konse kuli m'malire, koma n'kulipira chindapusa chifukwa mwaunjika pamalo amodzi. Inu a timalole ta matani atatu musaganize kuti izi sizikukukhudzani. Malire anu analembedwa ndi wopanga galimoto pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi chitseko kapena pa chesesi, ndipo ndi otsika kwambiri kuposa awa. Ndi angati muno amene anakawerengapo?

Ena amati sikelo ndi njira yongodyera ndalama za madalaivala, koma tamverani izi. Pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, akatswiri anamanga misewu yoyeserera n'kumayendetsapo malole olemera mosiyanasiyana kuti aone mmene msewu umathera. Anapeza kuti kulemera kwa pa axle kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu sikuwirikiza kawiri, kumawirikiza pafupifupi ka 16. Potsata masamu omwewo, axle ya matani 12 imadya msewu kawiri kuposa ya matani 10. Matani awiri okha. Kuyambira mu 2021 takhala tikulipira pa zipata za pamsewu, poyamba pa Chingeni, kenako pa Kalinyeke ku Dedza, kuti misewu izikonzedwa. Maenje amene amatithyolera masipuling'i, ena mwa iwo timakumba tokha.

Tsopano mwaona kuti ndakupatsani malamulo awiri amene nthawi zina amalimbana. Loyamba likuti wotsika poyamba akhale pakhomo. Lachiwiri likuti wolemera akhale pansi ndi pakati. Nanga ngati wotsika poyamba ku Lunzu ndi jenereta ya makilogalamu 400, pamene wa ku Lilongwe ndi makatoni a mapepala a kuchimbudzi? Apa m'pamene pamaonekera dalaivala. Yankho langa ndi lakuti kulemera kumapambana nthawi zonse. Kusokoneza ndondomeko yotsitsira kumakutayitsani mphindi, kusokoneza kulemera kumakutayitsani lole. Jeneretayo ikhale pamwamba pa matayala akumbuyo kapena patsogolo pake pang'ono, pakati pa bodi, ndipo kuseri kwake muikeko zopepuka zimene mungazichotse ndi kuzibwezera msanga. Ena amasiya kanjira kuchokera pachitseko kulowa mkati, kokwana munthu mmodzi. Kanjirako kamadya malo, ndipo katundu wa mbali zonse ziwiri ayenera kumangidwa kuti asagweremo, koma pa ulendo wa malo ambiri n'kothandiza. Ngati lole ili ndi chitseko cha m'mbali, gwiritsani ntchito. Ngati zonse zakanika, sinthani ulendo, kapena uzani abwana kuti jeneretayo ipite ndi galimoto ina. Kukana katundu mmodzi si ulesi.

Chimene ambiri sachiganizira ndi chakuti lole imene munapakira ku Limbe si imene ikufika ku Dedza. Mwakhala mukutsitsa cha kumbuyo njira yonse. Wotsala yense ali kutsogolo, waunjikana mpaka kudenga, kumbuyo kuli mbee. Kulemera kumene kunali kuseri kwa matayala akumbuyo, komwe kunkapeputsa kutsogolo, kwachoka, ndiye axle yakutsogolo ikhoza kukhala ikusenza zambiri tsopano kuposa pamene munkanyamuka. Komanso khoma la makatoni lija latsala lopanda chotsamira, pa chikweza choyamba ligwera kumbuyo. Choncho mukatsitsa gawo lalikulu, tengani mphindi khumi, mugwetse mulu, muuyale pansi mofanana, mumangenso. Ndikudziwa kuti pamenepo thupi limakhala litatopa ndipo Lilongwe ili pafupi. Chitanibe.

Ndifike pa kumanga. Pali bodza limene lafala pakati pathu, lakuti katundu wolemera sasuntha, kulemera kwake kumamugwira. Kulemera kumawonjezera kugwira pansi, zoona, koma kumawonjezeranso mphamvu yokankhira kutsogolo mukaponda buleki, ndipo ziwirizi zimakula mofanana. Bokosi lamatabwa la makilogalamu 50 ndi la makilogalamu 500, pa bodi imodzimodzi, amayamba kutsetsereka pa buleki imodzimodzi. Amasiyana pa zimene amachita akafika kumene akupita. Muyezo umene amatsatira ku Ulaya umati katundu amangidwe moti apirire mphamvu yofanana ndi magawo 8 mwa 10 a kulemera kwake kulowera kutsogolo, ndi theka la kulemera kwake kulowera m'mbali ndi kumbuyo. Ndiye kuti matumba 20 a simenti, omwe ndi tani imodzi, mwana akadumphira pamsewu pa Lizulu inu n'kuponda buleki yonse, amakankha ndi mphamvu ya makilogalamu 800. Kutsogolo kwa matumbawo kuli msana wanu.

N'chifukwa chake mpata ndi mdani. Katundu atsamire khoma lakutsogolo kwa bodi, wina atsamire mnzake, osasiya danga loti atengere liwiro. Ngati kulemera kukufuna kuti chinthu chikhale chapakati, danga la kutsogolo kwake litsekedwe ndi mapaleti opanda kanthu, matabwa kapena matayala akutha. Chitsulo pa chitsulo chimaterera kwambiri, yalani mphira kapena matabwa pansi. Migolo ya zamadzimadzi ikhale yodzaza, chifukwa yodzaza theka imakhuvuka, ndipo lole ikaima madziwo amakhala akupitabe. Malata ndi mapaipi ndi oopsa kuposa zonse: amaterera okhaokha, amadula chingwe ndi m'mphepete mwake, ndipo akasuntha amabowola. Pamene chingwe chikukhudza kona yakuthwa, ikanipo chidutswa cha tayala kapena katoni yopinda. Chotulukira kumbuyo kwa bodi chikhale ndi nsalu yofiira.

Za zomangira ndinene mosabisa. Malegeni ndi a panjinga. Amatamuka, ndipo chomangira chimene chimatamuka sichinamange kanthu. Tenti ndi ya mvula ndi fumbi, si yogwira katundu. Chingwe chabwino chimathandiza ngati womanga akudziwa mfundo, koma malamba okhala ndi chokokera chachitsulo ndi abwino koposa, ndipo ali ndi kansalu kolembedwa mphamvu yake. Lamba wong'ambika m'mphepete kapena womangidwa mfundo pakati atayidwe. Ndipo kumanga kwa pa depoti si komaliza. Katundu akagwedezeka amakhazikika, matumba amaphwa, malamba amakhwepa. Ku America lamulo limati dalaivala ayang'ane zomangira asanathe mamailosi 50, omwe ndi makilomita 80, kenako pakatha maola atatu kapena mamailosi 150. Misewu yawo ilibe mahampu ndi maenje ngati yathu. Mukanyamuka ku Blantyre musapitirire Zalewa musanatsike kukakoka malamba.

Makatoni ali ndi khalidwe lawo. Mphamvu ya katoni ili m'makona ndi m'mphepete, pakati pake ndi pofooka. Makatoni ofanana asanjidwe kona pa kona. Osiyana kukula, monga mmene maphukusi amakhalira, mumange khoma kuchokera mbali ina ya bodi kufika mbali inayo, yapamwamba igwire ziwiri za pansi, khoma lithe musanayambe lina. Katoni yaing'ono yolemera isakhale pakati pa yaikulu yopepuka, imaboola. Katoni yonyowa yatha mphamvu ngakhale ikauma, choncho kuyambira Novembala mpaka Epulo yang'anani denga la bodi ndipo musaike makatoni pansi penipeni popanda paleti kapena pulasitiki. Zizindikiro zojambulidwa paja sizokongoletsa: mivi iwiri ikuti mbali iyi iyang'ane kumwamba, kapu yagalasi ikuti chosweka, ambulera ikuti chisanyowe. Zinajambulidwa dala kuti ngakhale amene sanapite kusukulu azimve. TV, magalasi a mawindo ndi mapanelo a sola ziyende choimirira, zitatsamira chinthu chofewa. Mukazigoneka, bampu iliyonse imazipinda pakati. Firiji iyende choimirira. Mabatire a asidi chimodzimodzi, ndipo mitu yake isakhudze chitsulo. Mabotolo a gasi aimirire, amangidwe, ndipo asatsekeredwe mopanda mpweya.

Ndiye pali katundu amene sagwirizana. Masamba a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo, ufa, mpunga wa Kilombero, zonsezi zimakoka fungo. Ziikeni pafupi ndi sopo, palafini kapena usipa kwa maola asanu, mwini golosale adzakubwezerani. Fungo ndi laling'ono. Mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi otetezera chimanga ku anankafumbwe asayende pamwamba kapena pambali pa chakudya ngakhale botolo litaoneka lotseka bwino. Botolo limodzi likatayikira pa matumba a ufa, mwini wake akangopukuta n'kugulitsa, nkhani yake imakathera kuchipatala. Zamadzimadzi zonse zikhale pansi pa zouma. Kutentha nako: m'chigwa cha Shire mu Okutobala kumapitirira madigiri 40 panja, ndiye ganizirani mkati mwa bodi yachitsulo yoima padzuwa. Mankhwala ambiri a kuchipatala analembedwa kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30, katemera wambiri amafuna pakati pa 2 ndi 8. Anapiye a tsiku limodzi amafuna mpweya. Katundu wotere akwere pomaliza, atsike poyamba, ndipo lole isaime pa nsima iye ali mkati.

Timaphukusi ting'onoting'ono, mafoni, mapasipoti, masatifiketi, ndi timene timachotsetsa anthu ntchito. Tisaponyedwe m'mipata ya makatoni ngati zotsekera. Tikhale m'bokosi limodzi lokhoma, kutali ndi chitseko, ndipo kiyi akhale ndi munthu mmodzi. Katundu wobwezedwa ndi amene mwatola panjira kuti apite ku depoti akhale ndi ngodya yakeyake, apo ayi mudzapereka kwa munthu phukusi limene mnzake wangokupatsani kumene. Potsegula chitseko imani pambali, tsegulani chimodzi kaye. Simudziwa chimene chatsamira kuseri kwake.

Sindingasiye nkhani ya katundu wa panjira, ngakhale ndikuona ena mwayamba kuyang'ana pansi. Matumba asanu a mbatata pa Tsangano, madengu a tomato pa Bembeke, makala kutsogoloko, ndi anthu awiri atatu okhala pamwamba. Malipiro ndi ochepa, ndikudziwa, ndipo sindinabwere kudzakhala woweruza. Koma taonani kumene katundu ameneyu amakhala: pakhomo penipeni, kuseri kwa matayala akumbuyo, kapena pamwamba pa zonse, malo awiri amene tanena kuti ndi oipitsitsa. Sanayezedwe, sanamangidwe, sali pa mapepala, ndipo ngozi ikachitika a inshuwalansi amayamba kufunsa za iyeyo. Zonse zimene munakonza bwino m'mawa zimapasuka ndi ndalama ya tomato.

Kwa inu achimwene osenza, mawu anga ndi awa. Bungwe la ILO mu 1967 linalangiza kuti mwamuna wamkulu asamasenze yekha katundu woposa makilogalamu 55. Akatswiri a bungwe la NIOSH ku America, amene amafufuza za umoyo wa anthu pantchito, anaika malire pa makilogalamu 23, ndipo pamenepo n'kuti katunduyo ali pafupi ndi thupi ndipo munthu sakupotoka. Thumba lathu la chimanga, feteleza kapena simenti ndi makilogalamu 50, ndipo mumasenza mazana pa tsiku. Pindani mawondo, msana ukhale wowongoka, katundu akhudze thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno. Cholemera mugwirizane awiri. Kuponyerana makatoni kumafulumira, koma kumaswa katundu ndi zala. Msana ukathyoka pa depoti palibe amene amakusungirani malo, mawa pamabwera wina. Madalaivala, anyamatawa ndi anzathu pantchito. Mukawalankhula mwaulemu ndi kuwafotokozera chifukwa chimene mukufunira mgolo pakati, mawa adzauika pakati musananene.

Ndatsala ndi inu eni magalimoto ndi oyang'anira madepoti. Zonse ndanenazi dalaivala sangazichite ngati mukumupatsa mapepala lole itadzaza kale, kapena ngati wafika usiku kuchokera ku Mzuzu ndipo nthawi yopakira ndi yokhayo imene angagone. Mpatseni mndandanda wa katundu dzulo lake. Ikani nthawi yotsekera kulandira maphukusi, ndipo muisunge ngakhale wochedwayo ndi mlamu wanu, chifukwa katundu wobwera lole itatsekedwa ndi amene amakhala pamalo olakwika. Gulani sikelo ya pa depoti kuti kulemera kulembedwe pa phukusi lililonse. Gulani malamba, mapaleti ndi ngolo zamanja.  Ndipo dalaivala akakuuzani kuti galimoto yadzaza, mumvereni, musamuuze kuti pali anzake ambiri ofuna ntchito.

A wapampando andiuza kuti panjapa pali lole ya matani atatu, makatoni, migolo iwiri, firiji ndi malata, komanso mndandanda wa malo asanu ndi atatu. Tigawane magulu awiri, gulu lina lipakire, lina liyang'ane ndi kutsutsa, kenako tisinthane. Mafunso anu ndikayankhira komweko, pafupi ndi matayala.